Mlandu wa Mbale Yobiriwira

A Chikhadabo anagwira ntchito yoyesa masikelo zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo pa zaka zonsezo sanapeze bwenzi ngakhale mmodzi pamsika. Ankati akalowa ndi kabokosi kawo ka miyala yoyesera, ogulitsa nyama ankayamba kutsokomola, ena n'kukumbukira mwadzidzidzi kuti kunyumba kuli matenda. Sikelo ikanama ankaimata chidindo chofiira pomwepo, mwini wake akulumbira mpaka thovu kukamwa. Atapuma pa ntchito, anthu ankayesa kuti mkuluyo afewa. Sanafewe. Anangosiya masikelo n'kutembenukira ku mbale za galamafoni, zimene anayamba kutolera asanakwatire.

Zinali za jazi zokhazokha, zakale, zoposa mazana asanu ndi limodzi, ndipo zinadzaza chipinda chimene kale munkagona ana. Dzina lawo linachokera pa chikhadabo cha chala chaching'ono cha kumanja, chimene ankachisiya chachitali. Mayi a kunyumba ankati n'chonyansa. Iwo ankati n'chipangizo.

Kayesedwe kawo kanali kotere. Mbale ankaitulutsa m'chikuto moigwira m'mphepete mokha, ngati munthu amene wapatsidwa khanda la eni. Ankaima nayo pawindo la kum'mawa, osati pansi pa babu, chifukwa babu ndi mboni yabodza, n'kumaipendeketsa uku ndi uku mpaka mzere uliwonse utaonekera. Akaona mzere ankayendetsapo chikhadabo chija pang'onopang'ono. Chikadutsa osakodwa, ndiye kuti n'kukhudzana ndi pepala chabe, palibe mlandu. Chikakodwa, singano nayo idzakodwa. Kenako ankaigoneka pagalasi la tebulo kuti aone ngati yapindika, n'kununkhiza chikuto ngati munalowa chinyezi. Pomaliza ankaiika pagalamafoni n'kutseka maso. Magulu anali anayi: yatsopano, yoyendako, yotopa, ndi ya kudzala. Gulu lachisanu, la wachibale kapena la munthu wogwetsa misozi, kunalibe.

Zokwiyitsa sizinkasowa. Kuli anthu akuluakulu, a ndevu zawo, amene amapaka mbale yotopa polishi wa nsapato kuti inyezimire, wogula akafika kunyumba singano n'kumakolola matope akuda. Kuli ena amene amalemba mtengo ndi bolopeni pachikuto, pamphumi penipeni pa woimba. Ndiye kuli a malo omwera tiyi a masiku ano, amene amakhomera mbale kukhoma ndi msomali kuti pakongole. Tsiku lina a Chikhadabo analowa pamalo otere n'kupeza mbale imene anaifunafuna zaka zisanu ndi ziwiri itakhomedwa pamwamba pa chitseko cha kuchimbudzi. Anaitanitsa mwini malo. Zimene anamuuza, operekera tiyi amazibwerezabe akafuna kuseka, koma mawu ena amawadumpha.

Koma mkwiyo wawo waukulu, umene ankaupukuta fumbi tsiku ndi tsiku, unali pa a Telala.

A Telala ankasoka pakhonde la sitolo ya zitsulo, nyumba zisanu ndi zitatu kuchokera kwa a Chikhadabo, ndipo ankakhala kuseri kwa sitoloyo. Nawonso anali munthu wa jazi, ngakhale mbale zawo zinali zochepa, zambiri zoyendako. Kwa zaka makumi awiri amuna awiriwa ankakhala limodzi Lamulungu lililonse masana, tiyi ali pakati, akukangana ngati sakisofoni ndi chida cha munthu wamkulu kapena cha wolira maliro. Akazi awo ankati awiriwa akanangokwatirana okhaokha bwenzi aliyense atapumula.

Mwa mbale zonse za a Chikhadabo, ya pamtima inali ya chikuto chobiriwira: oimba asanu, wa lipenga ali patsogolo. Anaigula yatsopano m'sitolo. Poopa kuitha, chifukwa singano ikadutsa imadya ngakhale pang'ono, ankaiika kawiri kokha pa chaka, kuti amve nyimbo yaitali ya lipenga imene inkawaimitsa tsitsi. Lamulo lawo linali lakuti mbale sibwerekedwa. Analiphwanya kamodzi kokha. A Telala anagwa pa njinga n'kuthyoka mwendo, ndipo a Chikhadabo, chifundo chitawapusitsa, anawapititsira yobiriwirayo kuti iwathandize kugona pabedi.

Itabwerera anaiyesa mbali zonse ziwiri. Yoyamba inali bwinobwino. Mbali yachiwiri, pa nyimbo yachiwiri, pamene lipenga limakhala chete kuti piyano iyankhule yokha, panamveka tha. Mbale n'kuzungulira, tha. Kakhumi ndi kanayi. Anathamangira pawindo ndi galasi lokulitsa zinthu, ndipo anakapeza: kadontho kochepetsetsa, ngati pamene pagunda nsonga ya singano yosokera. Nanga mu msewu monsemo ndani ankayenda ndi masingano pa kolala ya malaya?

Anadikira mpaka a Telala atabwerera pakhonde ndi ndodo zawo. Anapita masana, makasitomala atadzaza benchi.

"Inu a Telala, manja anuwa anazolowera kubaya. Nsalu za anthu mubaye, mbale yanganso mubaye?"

"Akulu, takhalani pansi. Mbale ija inkalira choncho nditangoiika koyamba. Ndimayesa mukudziwa."

"Ndikudziwa? Ine? Mbale yanga yatsopano? Kuwononga mwawononga, tsopano mukuthirapo bodza. Amayi inu, tengani nsalu zanu kukadali kowala. Munthu uyu akakuwotcherani ndi simbi adzakuuzani kuti inabwera yopsa kale!"

Mayi wina anatengadi nsalu yake. Ena awiri anamutsatira. Nthabwala ya nsalu yobwera yopsa kale inakhala pakamwa pa anthu chaka chathunthu, ndipo benchi ija sinadzadzenso ngati kale.

Kuyambira tsiku limenelo, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, sanapatsanenso moni. A Chikhadabo akayandikira sitolo ya zitsulo ankawolokera tsidya lina la msewu. Mathalauza awo ankakapinditsa kutali, kwa wosoka wina amene nthawi zonse ankafupikitsa mwendo umodzi, ndipo ankawavala choncho mutu uli m'mwamba. M'chikuto chobiriwira anaikamo kapepala kolembedwa ndi inki: "Yoyendako. Inabayidwa ndi telala." Mbali yachiwiri sanaiikenso.

Lolemba lina, akuthira tiyi, mayi a kunyumba, amene chinzawo chawo ndi akazi a a Telala sichinathe, anati:

"Anzanu aja akusamuka Loweruka. Maso atha, ulusi sakuulowetsanso pa singano. Mwana wawo wamkulu akudzawatenga, ndipo kumene akupitako n'kutali. Sikoti angamabwereko."

"Ndilibe mnzanga wosoka ine."

"Ndangonena."

"Mwanena. Apite bwino. Akabaye za kumeneko."

Lachinayi m'mawa kunabwera mayi wina, mphunzitsi wa ku sekondale, atanyamula katoni ya mbale za malemu bambo ake. Ankafuna kudziwa zoyenera kusunga ndi zoyenera kutaya. A Chikhadabo anavala magalasi n'kuyamba.

"Yotopa. Yotopa. Ya kudzala. Mayi, bambo anu ankagwira mbale ndi manja amafuta. Mulungu awakhululukire, ine ayi."

Mphunzitsiyo anaseka mwamanyazi, osadziwa ngati n'zoseketsa. Pansi penipeni pa katoniyo panali chikuto chobiriwira, chikadali m'pulasitiki wake wa ku fakitale. A Chikhadabo anachitulutsa mosamala.

"Iyi bambo anu sanaitsegule n'komwe."

"Mwina anaiwala. Tsegulani, bambo. Ine sindidziwa ndi mmene zimalirira."

Anang'amba pulasitikiyo m'mbali ndi chikhadabo. Pawindo mbaleyo inali yakuda bii, yonyezimira ngati madzi a m'chitsime. Sanataye nthawi ndi mbali yoyamba. Anafuna kumva piyano ija ikuyankhula yopanda wowaza mchenga, kamodzi kokha asanafe. Anatsitsa singano, anatseka maso. Nyimbo yoyamba inatha. Yachiwiri inayamba. Lipenga linakhala chete.

Tha.

Anatsegula maso.

Tha.

Anawerenga, milomo ikuyenda yokha. Kakhumi ndi kanayi, kenako piyano inapitirira ngati palibe chachitika.

Anadzuka, anatenga mbale yawo, anaziika ziwirizo pawindo. Galasi lokulitsa linaonetsa kadontho komweko pa zonse ziwiri. Anatenga rula yachitsulo ya ku ntchito n'kuyeza kuchokera m'mphepete: mtunda umodzimodzi, osasiyana ngakhale ndi tsitsi. Atayang'anitsitsa anaona kuti sikanali kobayidwa. Kachinyalala kanagwera pa chikombole ku fakitale, n'kudindika pa mbale iliyonse imene inatuluka mmenemo.

"Ndiye kuti bambo anaikanda?" anafunsa mphunzitsi uja.

"Akanaikanda bwanji ili yotseka? Muziganiza musanafunse, mayi, inu ndinu ophunzitsa ana a anthu. Chilema ichi inabadwa nacho."

Mayi a kunyumba anali ataima pakhomo ndi thireyi ya makapu. Anaiika patebulo mwakachetechete. Anadikira mpaka mlendoyo atapita, atasiya mbale yobiriwirayo kuti adzaitenge Lolemba.

"Ndifunseko, bambo. Musanaibwereketse mbale ija, mbali yachiwiriyo munali mutaimverapo?"

"Ndinaiona ndi maso angawa. Inali yoyera."

"Sindinafunse za maso."

A Chikhadabo anayang'ana mbale yawo ija. Nyimbo ya lipenga ija inkadzaza mbali yoyamba yonse. Ikatha ankanyamula singano, n'kupukuta mbale, n'kuibwezera m'chikuto, akudziyamikira kuti aisunga bwino. Zaka khumi ndi chimodzi anakhala nayo osaitembenuza. Munthu woyamba kumva mbali yachiwiri anali telala wothyoka mwendo, ndipo ananena zoona.

Lachisanu lonse anakalipira fakitale. Anakhala patebulo n'kulemba kalata ya masamba atatu yopita ku kampani imene inatsekedwa kalekale.

"Anthu ophunzira! Ovala maovololo oyera! Kulephera kupukuta chikombole! Kachinyalala kamodzi, anthu n'kudana nako dziko lonse lapansi!"

"A fakitale sakusamuka mawa, bambo," anatero mayi a kunyumba akusita.

Anasiya fakitale n'kugwira bambo a mphunzitsi uja, munthu wopanda nzeru wogula mbale n'kuiiwala m'katoni. Akanaitsegula bwenzi nkhaniyi itadziwika kalekale. Atatopa ndi malemuwo anatembenukira kwa a Telala eni ake.

"Nawonso akanalimbikira! Munthu wosalakwa amalimbikira!"

"Analimbikira. Inu munkakuwa."

"Inu muli mbali ya ndani m'nyumba muno?"

"Ya malaya anuwa. Mawa muvala ati?"

Loweruka m'mawa anavala jekete ndi tayi ya masiku a ntchito, anapana mbale ziwiri zija m'khwapa, natuluka. Nyumba zisanu ndi zitatu sizinatalikepo chonchi. Kutsogolo kwa sitolo ya zitsulo kunali kutaima lole, amuna atatu akukwezamo mabedi ndi mipando, mwana wa a Telala, bambo wa imvi zake kale, akuwalozera poika. A Telala anali atakhala pampando pakhonde, pamalo pomwe panali makina awo, atavala chipewa ndi magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo.

"Ndani ameneyo waima ngati wokhometsa msonkho?"

"Ndine."

"Mawuwo ndawadziwa. Mwasochera kodi? Paja inu mumadutsira tsidya ilo."

"Ndabwera ndi umboni." A Chikhadabo anatsitsa mawu. "Chilema chija n'cha ku fakitale. Papezeka ina, yosatsegula, ikulira chimodzimodzi. Ndayeza ndi rula. Onani apa."

"Mukuonetsa ndani? Ine maso ndilibe, ndipo umboni wanuwo ndinakupatsani ndili pa ndodo."

"Chabwino. Ndiye nkhani ija yatha."

"Yatha kwa ndani?" A Telala anawongoka pampando. "Tsiku lija munakuwa, akulu. A m'sitolo anatuluka, a njinga anaima, agalu anauwa. Lero mukunong'ona ngati mwabwera kudzapempha mchere."

"Ndiye mukufuna chiyani?"

"Muyeso womwewo. Pakhonde pomwe pano, mawu omwe aja."

Magazi anakwera kumutu kwa a Chikhadabo. Anafuna kuwauza kuti ndi munthu wosayamika, wouma mtima, wosadziwa kulandira ulemu. Mawuwo anafika mpaka pa mano. Kenako anatembenukira kumsewu, kumene kunkadutsa amayi ndi madengu awo ndi munthu wina akukankha wilibala, n'kukuwa ndi ukali wonse umene anali nawo, ngati akuimba mlandu anthuwo:

"Tamverani nonsenu! Munthu uyu sanabaye mbale yanga! Sananame! Ndinaweruza ndisanamve, ine chitsiru chophunzira! Ndipo nsalu za anthu sankawotcha! Mwamva?"

Wa wilibala anaima, anayang'ana, anapitirira. Onyamula katundu anayang'anana, mmodzi n'kufunsa mnzake ngati madalawa amwa m'mawa uno. Akazi a a Telala okha ndi amene anatuluka kuseri, ataphimba pakamwa ndi dzanja.

"Amene anamva tsiku lija theka ali kumanda," anatero a Telala. "Komabe ine ndamva."

"Ndiye mwandikhululukira."

"Sindinatero. Mukudziwa masana angati a Lamulungu amene mwandidyera? Ndinkamvera ndekha ngati wamasiye, mayi awa akundifunsa ngati nyimbo yayamba kapena oimba akuyesabe zida. Zokhululukazo ndidzaziona ndikapeza nthawi."

A Chikhadabo anayang'ana kumbali. Maso awo anagwera m'lole, ndipo zimene anaona zinawaiwalitsa zonse. Mbale za a Telala zinali zitasanjikizidwa chogona, mulu umodzi wautali, kumbali kumene dzuwa linkawomba, mwendo wachitsulo wa makina osokera utatsamira pamwamba pake.

"Iwe! Wapakira ndani izi?"

"Ndine, bambo," anayankha mwana wa a Telala. "Zili bwinobwino, ndazimanga ndi chingwe."

"Ndi chingwe! Wamanga ngati nkhuni! Mbale sizigona, zimaima! Ulendo wa tsiku lonse, dzuwa ili, chitsulo pamwamba, mukafika zonse zitapindika ngati zipewa. Unakulira m'nyumba ya mbale iwe, kapena m'khola?"

Anapatsira akazi a a Telala mbale ziwiri zija, anavula jekete, naponda tayala. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zinayi anakwera lole akutukwana bondo lake.

"Bambo, mugwa! Ndiponso dalaivala akuti tachedwa kale."

"Asiye," anatero a Telala. "Akayamba samva. Uwapatse zimene akufuna."

Anafuna makatoni awiri olimba ndi bulangete. Anamasula chingwe n'kuyamba kuziimika imodziimodzi, mothinana bwino koma osapanikiza, akutseka mipata ndi zidutswa za nsalu zimene anazipeza m'thumba la zotsala posoka. Ndipo poti mbale sinadutsepo m'manja mwawo osaweruzidwa, pakamwa panayamba pokha.

"Yoyendako. Yotopa. Yotopa. Iyi munkaduliraponso nsalu? Yoyendako. Iyi ndiye ya kudzala, mukuinyamuliranji?"

"Ya chikuto chofiira, chong'ambika pakona?" anafunsa a Telala ali pansi. "Imeneyo munandipatsa ndinu. Munati yoyendako."

"Inali yoyendako ndisanakupatseni!"

Dalaivala analiza hutala kawiri. A Chikhadabo anamuuza kuti akalizanso amuyeza matayala onse ndi rula. Atamaliza anakana kuti makatoniwo akhale kumbuyo. Anawanyamulitsa mpaka kutsogolo, pamthunzi, pamapazi pomwe pakhale a Telala, ngakhale mwana uja anadandaula kuti bambo ake asowa potambasulira miyendo.

"Miyendo ikapindika imawongoka," anatero a Chikhadabo.

Anawakweza a Telala. Chitseko chinatsekedwa, injini inalira. Sanagwirane chanza. Lole itayamba kuyenda, a Telala anatulutsa mutu pawindo.

"Akulu! Mbali yachiwiri ija, mukadutsa pa tha-tha wanuyo, piyano ikamaliza, wa ng'oma amalowa mochedwa!"

"Bodza! Munthu ameneyo sanachedwepo m'moyo mwake!"

"Mwaimva liti mpaka kumapeto inu?"

Lole inakhota pa ngodya. A Chikhadabo anakuwabe mawu ena awiri atatu kufumbi, kenako anatola mbale zawo pampando umene unatsala pakhonde, n'kuuyamba wa kunyumba mothamanga, tayi ili paphewa, jekete ataiiwala.

"Mwapepesa?" anafunsa mayi a kunyumba.

"Musandisokoneze."

Analowa m'chipinda cha mbale, anaika yawo yakale ija, mbali yachiwiri. Lachinayi anali atanyamula singano piyano isanathe, monganso tsiku loyamba lija. Ulendo uno anakhala pansi, manja ali pa mawondo. Anapirira tha khumi ndi anayi onse. Piyano inayenda, inakwera, inatsika, inamaliza.

Wa ng'oma analowadi mochedwa.